Lendi ya masiku ochepa pa Mponela: msika umene umayendera fodya ndi misonkhano

Lendi ya masiku ochepa ndi mgwirizano umene mwini nyumba amalola mlendo kukhala m'chipinda kapena m'nyumba yake kwa usiku umodzi, sabata imodzi kapena miyezi iwiri itatu, ndipo malipiro ake amawerengedwa pa tsiku kapena pa sabata. Imasiyana ndi lendi imene anthu a ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi anaizolowera, yomwe munthu amapeza nyumba yopanda kanthu, n'kulowetsamo katundu wake, n'kumalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka. Pa lendi ya masiku ochepa mlendo amabwera ndi chikwama chokha. Bedi, matiresi, zofunda, madzi osamba ndi nyale amazipeza komweko, ndipo zonsezi zimalowa mu mtengo.

Anthu ambiri akamva za bizinesi yotere amaganiza za kunyanja, ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, kumene alendo amapita kukapitidwa mphepo. Koma msika wina wa mtundu womwewu uli m'matauni ang'onoang'ono a alimi, kumene kulibe nyanja, phiri lotchuka kapena nyama zakutchire. Mponela, m'boma la Dowa, ndi chitsanzo chabwino chifukwa pamalo amodzi pamakumana alendo a magulu awiri osiyana kwambiri: obwera kaamba ka zokolola ndi obwera kaamba ka misonkhano.

Malo ake

Mponela ili pa msewu wa M1, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, pakati pa Lumbadzi ndi Madisi. Pomwepo ndi pamene pamapatukira msewu wopita ku Ntchisi. Likulu la boma la Dowa lili kutali ndi M1, chakummawa kumapiri, ndipo izi zachititsa kuti malonda ambiri a m'bomalo asamukire ku Mponela. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 24,000 m'tauniyi, pomwe wa 2008 anapeza anthu ongopitirira 14,000. Boma lonse la Dowa linali ndi anthu oposa 770,000, ambiri mwa iwo alimi ang'onoang'ono a m'madera a mafumu monga Mponela, Dzoole, Chakhaza ndi Kayembe, omwe amalima fodya wa bale, chimanga, soya ndi mtedza.

Tauni imene anthu ake achuluka chotere m'zaka khumi zokha imakhala kale ndi njala ya nyumba. Alendo a masiku ochepa akamafika, amapeza mzere wa anthu ena ofuna zipinda zomwezo.

Malo ogonawo ali m'magulu angapo, ngakhale malire ake samaoneka bwino nthawi zonse. Pamwamba pali mahotela okhala ndi maholo ochitiramo misonkhano, monga Linde ndi Chikho, omwe maina awo amamveka kawirikawiri m'nkhani zolembedwa kuchokera ku Mponela. Pansi pawo pali maloji a zipinda zochepa, aliwonse ndi mpanda wake ndi mlonda pageti. Kenako pali maresitihausi, omwe ambiri ndi mdadada wa zipinda kuseri kwa bala kapena golosale, bafa ndi chimbudzi zili panja. Gulu lomaliza, lomwe siliwerengedwa m'kaundula aliyense, ndi la anthu wamba amene amabwereketsa nyumba yonse yokhala ndi katundu, kanyumba kakuseri kapena chipinda chimodzi cha nyumba imene iwo eni akukhalamo. Pambali pa zonsezi pali mashopu ndi zipinda zosungiramo katundu zimene zimabwerekedwa kwa nyengo imodzi yokha ya malonda.

Kalendala ya mlimi

Msika wa zipinda pa tauni ya alimi umadzuka ndi kugona motsatira mvula. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi ndalama zimakhala m'munda. Mlimi wagula feteleza, walipira aganyu, chimanga chakale chatha m'nkhokwe, ndipo palibe chomwe angachitire pa tauni kufikira usiku. Maresitihausi ambiri m'miyezi imeneyi amakhala pululu, eni ake n'kumalandira mtengo uliwonse umene mlendo watchula.

Zinthu zimasintha mu Epulo. Apa ndi pamene unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu ndi kupereka ziphaso kwa ogula, ndipo msika wa fodya nawo kawirikawiri umatsegulidwa mwezi womwewu. Mavenda ochokera ku Lilongwe ndi madera ena amafika ndi masikelo ndi matumba awo. Venda safuna hotela. Chomwe amafuna ndi chipinda chokhoma bwino cha pafupi ndi msewu, chomwe masana chingakhale shopu yogulirapo soya ndi mtedza, usiku n'kukhala mogona iye ndi anyamata ake pamwamba pa matumba. Amalipira miyezi iwiri kapena itatu nthawi imodzi, mbewu zikatha m'midzi amabweza kiyi n'kumapita. Kwa mwini shopu imene inakhala yotseka dzinja lonse, miyezi itatu imeneyi ndiyo chaka chonse.

Fodya ali ndi njira yakeyake. Mabelo a alimi a ku Dowa amagulitsidwa kumisika ya okushoni ya ku Kanengo mu Lilongwe ndi ku Chinkhoma m'boma la Kasungu, ndipo Mponela ili pakati pa misika iwiriyi. Madalaivala a malole, owathandiza awo, alangizi a makampani ogula fodya ndi atsogoleri a makalabu a alimi amadutsa pomwepo, ena n'kugona. Ndalama za fodya masiku ano zimalowa ku akaunti ya kubanki, ndipo kwa mlimi wa kutali ndi msewu waukulu, banki yapafupi ili pa Mponela. Akafika n'kupeza ndalama sizinalowe, kapena netiweki yavuta, amayenera kusankha pakati pa kulipira kabaza kawiri kapena kugona pa tauni kuti m'mawa akhale woyamba pa mzere. Ambiri amasankha kugona. M'chaka cha 2024 dziko lino linagulitsa fodya wolemera makilogalamu pafupifupi 133 miliyoni, yemwe anabweretsa ndalama zoposa madola 390 miliyoni a ku America, ndipo kagawo kena ka ndalama zotere kamathera m'zipinda, m'mabala ndi m'malo odyera a matauni ngati Mponela asanafike kumudzi.

Mawu oti "tenanti" m'dera la fodya amatha kusokoneza mlendo. Kumzinda tenanti ndi munthu wochita lendi. Ku Dowa ndi ku Kasungu mawuwa anakhala akutanthauza banja lolima fodya pa esiteti ya munthu wina, lomwe limapatsidwa chakudya ndi zipangizo pa ngongole n'kudzalipidwa fodya akagulitsidwa. Mchitidwe umenewu unathetsedwa ndi lamulo la zolemba anthu ntchito limene linasinthidwa m'chaka cha 2021, koma mawuwo akadali pakamwa pa anthu.

Misonkhano ndi maalawansi

Chimene chimasiyanitsa Mponela ndi matauni ena a alimi ndi kuyandikana kwake ndi likulu la dziko. Ndondomeko ya boma ndi ya mabungwe ambiri imati wogwira ntchito amene wagona kunja kwa dera limene amagwirira ntchito alandire alawansi yolipirira malo ogona ndi chakudya. Msonkhano wochitikira mu holo ya ku Capital Hill subala alawansi yotere. Msonkhano womwewo ukachitikira m'boma lina umabala. Mponela ili kunja kwa boma la Lilongwe, koma ndi ulendo wa ola limodzi pa galimoto, moti mafuta sapita ambiri ndipo bwana akaitanidwa mwadzidzidzi atha kubwerera ku ofesi tsiku lomwelo. Okonza misonkhano amanenanso, ndipo sakunama, kuti anthu akachotsedwa pafupi ndi maofesi awo amakhala pansi n'kumaliza ntchito m'malo motulukatuluka kukayankha mafoni. Zifukwa ziwirizi zinagwirizana, ndipo tauni ya fodya inasanduka malo amene ndondomeko za maunduna zimalembedwera, kumene aphunzitsi, azaumoyo, atolankhani ndi mafumu amaphunzitsidwa zosiyanasiyana.

Apa ndi pamene pagona msika wa zipinda zing'onozing'ono. Msonkhano umachitikira mu hotela, koma si onse amagona mu hotelayo. Munthu akalandira alawansi m'manja, kwacha iliyonse imene sanaigwiritse ntchito ndi yake. Choncho madzulo amatuluka pageti n'kukafunafuna chipinda chotsika mtengo, kuti yotsalayo akalipire fizi ya mwana kapena akagule thumba la feteleza. Ena amagwirizana awiri atatu n'kutenga nyumba imodzi. Ena amakwera minibasi kubwerera ku Lilongwe n'kudzafika m'mamawa. Madalaivala, omwe alawansi yawo imakhala yocheperapo, ndiwo makasitomala okhulupirika a maresitihausi. Motero hotela imodzi ikadzaza ndi msonkhano wa sabata yathunthu, maloji ndi nyumba za anthu zozungulira zimadzazanso.

Zimasintha bungwe likasankha kulipira lokha chipinda ndi chakudya ku hotela, m'malo mopereka ndalama m'manja. Mabungwe ambiri othandiza dziko lino amakonda njira imeneyi chifukwa amakhala ndi malisiti ndipo amadziwa kuti ndalama zagwira ntchito yake. Ogwira ntchito ambiri amadana nayo, ndipo pakhala misonkhano imene anthu anainyanyala kaamba ka nkhani yomweyi. Kwa mwini resitihausi mkangano umenewu ndi wa nsima ya ana ake: njira yoyamba imamwaza ndalama tauni yonse, yachiwiri imazisiya pa kauntala imodzi.

Msika wotere ndi wosalimba, pakuti gwero lake lili m'manja mwa anthu amene sakhala pa Mponela. Mu Malichi 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi kaamba ka Covid-19 ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ndipo maholo anatsekedwa. Mu 2021 Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anatuma wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, kuti atsogolere gulu lounika ndondomeko za maalawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi makontirakiti a ntchito. Lipoti lake linaperekedwa mu Meyi chaka chomwecho koma boma silinalitulutse poyera. Kangapo konse, chuma chikavuta, boma lakhala likulamula kuti misonkhano izichitikira m'maofesi. Ndipo mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, kenako n'kutseka bungwe la USAID, lomwe linkalipira mapulojekiti ambiri a zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi m'dziko muno. Chilichonse mwa zinthu zimenezi chimayamba ngati kalata ya mu ofesi, n'kudzathera pa mayi wochapa zofunda pa loji amene wauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba.

Pali alendo enanso amene amabwera ndi ntchito n'kupita ntchito ikatha. Kukonzanso msewu wa M1 kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, komwe kunayamba mu 2022 ndi ndalama zochokera ku banki ya European Investment Bank ndi bungwe la European Union, kunabweretsa mainjiniya, oyendetsa makina ndi oyeza misewu ofuna nyumba kwa miyezi ingapo. Kalembera ndi zisankho, monga za pa 16 Sepitembala 2025, zimabweretsa ophunzitsa ndi ophunzitsidwa kwa masabata ochepa. Zikatha, tauni imabwerera mwakale.

Masamu a mwini nyumba

Chimene chimakopa anthu kulowa mu bizinesiyi n'chosavuta kuchimvetsa. Ngati mtengo wa usiku umodzi uli gawo limodzi mwa magawo khumi a lendi ya pamwezi, ndiye kuti masiku khumi okha akwanitsa zomwe tenanti wokhazikika akanalipira, ndipo masiku makumi awiri otsalawo ndi phindu. Mlendo amalipira asanagone. Sadzabwera ndi nkhani yoti malipiro achedwa, ndipo sadzafunika kumuthamangitsa. Landilodi aliyense amene anavutikapo ndi munthu wokhala miyezi inayi osalipira amaona ngati apa wapeza mpumulo.

Masamuwa ali ndi mbali ina imene ambiri amaizindikira atalowa kale. Tenanti wokhazikika amagula yekha mayunitsi a magetsi, amalipira yekha madzi, amasesa yekha. Mlendo wa masiku ochepa amasiya zonsezi kwa mwini nyumba, pamodzi ndi sopo, zofunda zochapa tsiku ndi tsiku, neti ya udzudzu, mankhwala a nsikidzi ndi malipiro a mlonda ndi wosamalira zipinda. Ndalama zimenezi zimatuluka ngakhale mwezi umene sikunabwere mlendo. Katundu naye amatha msanga m'manja mwa anthu amene sadzabweranso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo mu bizinesi iyi mwambiwu uli ndi tanthauzo lenileni: phindu la Meyi ndi Juni liyenera kudyetsa nyumba mpaka mu Febuluwale.

Kutsika mphamvu kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunakweza mitengo ya simenti, malata, penti, matiresi ndi mafuta a jenereta. Apa lendi ya masiku ochepa ili ndi mwayi umodzi: mtengo wa usiku ungakwezedwe mawa lomwe, pomwe kukweza lendi ya pamwezi kumafuna chidziwitso ndipo kumabala mkangano. Kumeneku n'kumene kumakankhira eni nyumba ena kuchoka ku lendi yokhazikika pamene mitengo ya zinthu ikuthamanga.

Omanga nyumba zotere ndi anthu osiyanasiyana. Alipo alimi amene anapeza bwino chaka china n'kuona kuti njerwa siziwola ngati ndalama. Alipo ogwira ntchito m'boma amene anaika ndalama zawo zopumira pa ntchito mu mdadada wa zipinda. Alipo a malonda a mu Lilongwe, komanso ana a m'derali amene ali ku Johannesburg kapena kwina ndipo amatumiza ndalama kuti mbale awamangire. Kwa awa omalizawa vuto lalikulu ndi kuwerengera: chipinda chimene chagonedwa usiku umodzi n'kuchapidwa m'mawa sichisiya umboni, ndipo maubale ambiri asokonekera pa funso loti ndi masiku angati amene munagona anthu mwezi watha.

Amene amapanikizika

Nyumba iliyonse imene yasanduka loji ndi nyumba imene yachoka pa msika wa anthu okhazikika. M'mizinda ikuluikulu ya kunja nkhani imeneyi yafika poti makhonsolo alowererapo. New York inakhwimitsa malamulo ake mu 2023, ndipo Barcelona inalengeza mu 2024 kuti idzathetsa ziphaso za nyumba zobwereketsa alendo pofika 2028. Pa tauni ngati Mponela vutoli n'laling'ono pa chiwerengero, koma limagwa pa gulu limodzi la anthu. Nyumba zimene zimasanduka maloji ndi zija zabwino, zamalata, zokhala ndi magetsi, madzi ndi mpanda, zomwe ndi zomwezo zimene mphunzitsi, namwino, wapolisi kapena mlangizi wa zaulimi wotumizidwa kudera amafuna. Malipiro a anthu amenewa sakwera ndi nyengo ya fodya. Akapikisana ndi alawansi ya munthu wa msonkhano kapena ndalama za kontirakitala wa msewu amagonja, n'kusamukira kumphepete kwa tauni kumene mapaipi a madzi sanafike.

Pansi penipeni pa msikawu pali ophunzira a m'masekondale oyendera amene kwawo n'kutali. Iwo amachita lendi chipinda kwa teremu imodzi, nthawi zambiri atsikana atatu kapena anayi pamodzi, n'kumadziphikira okha. Imeneyinso ndi lendi ya nthawi yochepa, ngakhale palibe amene amaitchula choncho. Zipinda zimene angakwanitse zimakhala kuseri kwa msika ndi mabala, ndipo nyengo ya zokolola, pamene tauni yadzaza amuna a ndalama m'thumba, ndi nyengo imene aphunzitsi ndi makolo amada nayo nkhawa kwambiri. N'chifukwa chake kumanga malo ogona atsikana pa sukulu kumakhala pamwamba pa zopempha za madera ambiri akumidzi.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi yakuti alendowa amadyetsa anthu ambiri amene alibe nyumba yobwereketsa: a kabaza, ootcha nyama, amayi ogulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa M1, ochapa magalimoto, maejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba. Munthu wochokera ku msonkhano sabwerera ku Lilongwe chimanjamanja. Amagula nkhuku, mtedza kapena thumba la chimanga, ndipo ndalamayo imafika m'mudzi tsiku lomwelo.

Kupeza chipinda

Makampani a pa intaneti monga Airbnb, imene inayamba ku San Francisco mu 2008, ndi Booking.com ya ku Amsterdam, ndiwo anatchukitsa lendi ya masiku ochepa pa dziko lonse. Ku Malawi amagwira ntchito makamaka m'mizinda ndi kunyanja, kumene kumafika alendo olipira ndi khadi la kubanki. Pa tauni ya alimi ntchito yomweyo imagwiridwa ndi foni. Dalaivala amene anagona pamalo ena mwezi watha amapereka nambala kwa mnzake. Wolandira alendo pa hotela imene yadzaza amalozera anthu ku loji ya mnansi wake. Zithunzi zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo wa kabaza wa pa siteji amadziwa chipinda chilichonse chopanda munthu usiku umenewo. Kwa nyumba ya miyezi ingapo pamalowa maejenti, omwe amafuna yawo asanakuonetse nyumbayo. Chinyengo chodziwika bwino ndi chija chotumiza chithunzi cha nyumba yokongola n'kupempha kuti dipoziti itumizidwe pa foni msanga chifukwa pali wina akuifuna. Ndalama ikangopita, nambala imasiya kupezeka.

Malamulo ndi misonkho

Malo aliwonse ogona alendo amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo, chomwe chimaperekedwa malowo akayenderedwa, komanso chiphaso cha bizinesi. Khonsolo ya boma, kudzera mwa alangizi ake a zaumoyo, ili ndi mphamvu yoyendera zimbudzi, mabafa ndi makhitchini ndi kutseka malo osasamalika. Mphamvu imeneyi inaoneka kufunika kwake pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Malo olembetsedwa amatolera msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti pa bilu ya mlendo, ndipo amene malonda awo afika pa mlingo woikika amatoleranso msonkho wa VAT. Ndalama za lendi nazo ndi phindu limene bungwe la MRA limadulapo msonkho. Bungwe kapena kampani ikachita lendi nyumba ya munthu imayenera kudula gawo la msonkhowo isanamulipire.

Mapepala amenewa ndiwo amagawa msika pawiri. Unduna kapena bungwe silingalipire malo amene alibe nambala ya msonkho ndi lisiti lovomerezeka, ndipo wofuna kuchita malonda ndi boma amayenera kulembetsanso ku bungwe la PPDA. Choncho ndalama zikuluzikulu zimapita kwa ochepa amene ali ndi zonsezi, pomwe ena onse amadya zogwa pa tebulo. Mwini kanyumba kakuseri amaona kuti kulembetsa n'kudziitanira msonkho, koma posalembetsa amadzitsekera khomo la makasitomala amene amalipira bwino.

Mgwirizano wa pakamwa ndi wovomerezeka, koma ukafika kubwalo la milandu umasowa mboni. Pa usiku umodzi izi zilibe kanthu kwenikweni. Pa miyezi itatu ya venda kapena kontirakitala, pepala limodzi lolembapo tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndalama zimene zaperekedwa, katundu amene ali m'nyumbamo ndi amene adzalipire madzi ndi magetsi limathetsa mikangano yambiri isanayambe. Nkhani ya malo nayo imabwera pambuyo. Maploti ambiri ozungulira matauni otere ali pa malo a makolo amene anagulidwa kudzera mwa nyakwawa, ndipo malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, anakhazikitsa njira yolembetsera malo otere. Loji yomangidwa pa malo opanda chikalata ndi yovuta kuiika chikole ku banki, ndipo mwini wake akamwalira imakhala poyambira mkangano wa ana ndi achibale.

Dzina la resitihausi

Mawu oti resitihausi ali ndi fungo lake m'Chichewa cha masiku ano, ndipo eni malo ambiri amakonda kulemba kuti loji pa chikwangwani ngakhale zipinda zili zomwezo. Chifukwa chake n'chodziwika: m'maresitihausi ena zipinda zimabwerekedwa kwa maola ochepa, ndipo zina mumakhala amayi oyendayenda amene amalipira tsiku ndi tsiku n'kumasamuka motsatira nyengo ya malonda. Kwa zaka zambiri apolisi ankachita zipikisheni usiku m'malo otere n'kugwira aliyense wopezekamo. Makhoti anachepetsa mchitidwewu. Mu 2016 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa woweruza Zione Ntaba, linathetsa chigamulo chimene chinapeza olakwa amayi 19 ogwidwa m'malo ogona alendo ku Dedza, ponena kuti gawo 146 la malamulo a milandu linaikidwa pofuna kulanga anthu odyera masuku pamutu amayiwo. Mu Januwale 2017 khoti linagamulanso kuti gawo lina la lamulo la vakabu, lomwe apolisi ankagwiritsa ntchito pomanga anthu opezeka usiku, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chimene sichinasinthe ndi chakuti mwini malo amene walola mwana wosakwana zaka 18 kulowetsedwa m'chipinda ndi munthu wamkulu pa zolinga zogonana ali pa mlandu waukulu, ndipo kaundula wa alendo wa pa kauntala ndi umboni woyamba umene apolisi amafunsa.

Madzi ndi magetsi

Mlendo amene wagonapo m'matauni otere safunsa za kukongola kwa makatani. Amafunsa ngati pali thanki ya madzi, pakuti mipopi ya Central Region Water Board imatha kuuma m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndiponso magetsi akazima mapampu amaima. Amafunsa ngati pali sola kapena jenereta. Phunziro limeneli eni maloji analiphunzira mowawa mu 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, dziko n'kukhala mu mdima wa maola ambiri kwa chaka choposa chimodzi. Msonkhano sungachitike popanda magetsi a kompyuta ndi makina oonetsera zithunzi, ndipo malo amene analibe jenereta anataya makasitomala kwa anzawo amene anali nayo. Wobwera pa galimoto amafunsanso za mpanda ndi mlonda, ndipo venda amayang'ana loko ndi denga, kuopa kuti soya wake anganyowe kapena kutuluka usiku.

Pofika mu Okutobala msika wa fodya umakhala utatsekedwa kapena uli kumapeto, mavenda ambiri apita, ndipo alimi ayamba kusunga ndalama zogulira mbewu ndi feteleza. Mahotela amadalira mabungwe amene akuthamangira kumaliza ntchito chaka chisanathe, komanso maukwati ndi zinkhoswe za kumapeto kwa sabata. Eni nyumba zing'onozing'ono ambiri pa nthawi imeneyi amachotsa zofunda, n'kuika chipinda pa lendi ya pamwezi, koma amauziratu wolowayo kuti adzafunika kutuluka pofika mu Epulo.